Katumba Wotentha ndi Chingwe cha Alamu

Lolemba, 9 Juni

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi la pawindo. M'mphuno andiika timapaipi ta mpweya, chala andipana ndi kachipangizo kowala kofiira. Mayi akunyumba andisiyira kope ndi cholembera, akuti m'malo movutitsa anamwino ndizivutitsa pepala.

Ndine dalaivala wa basi za maulendo ataliatali, ndipo ndikakhala kuti sindili pamsewu ndimathamanga. Sindithamanga ndekha. Ndimathamanga ndi alamu anga, mlongo wawo wamng'ono wa mayi akunyumba, amene anasiya kuona ali mwana. Timagwira kachingwe kamodzi, iwo mbali iyi ine mbali iyo, ine n'kumanena zimene zili kutsogolo.

Chandibweretsa kuno ndi katumba wakumanzere. Zina ndilemba mawa, mpweya ukundichepera.

Lachiwiri, 10 Juni

M'mawa anandikankha pa njinga ya odwala kupita kojambula. Anandipaka mafuta ozizira kuseri kwa bondo n'kumayendetsa kachipangizo pakhungu uku akuyang'ana pa kanema. Kenako makina ena ojambula chifuwa. Adokotala, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga, afotokoza motere: mumtsempha wamkati mwa katumba muli magazi oundana, ndipo kachidutswa kake kananyotsoka n'kukakhala m'mapapo. N'chifukwa chake ndikupuma ngati ndakwera phiri. Akuti kukhala pampando nthawi yaitali osatambasula miyendo, ndi kumwa madzi ochepa poopa kuimaima panjira, zathandizira. Mankhwala ndi jakisoni wa pamimba, m'mawa ndi madzulo, woletsa magazi kuundana. Ayeza akatumba onse awiri ndi tepi ngati ya telala, wakumanzere waposa mnzake ndi zala ziwiri.

Tsopano ndilembe mmene zinayambira.

Kunyumba tili ndi rola. Kwa osaidziwa, ndi chigubu cha siponji yolimba, chozungulira ngati chipika, chimene othamanga amatsamirapo n'kumadzigudubuza kuti minofu ifewe. Ife timaitcha Apongozi, chifukwa imakupweteka koma umayenera kuithokoza. Pagulu lathu la othamanga tili ndi lamulo, sindikudziwa kuti anabwera nalo ndani: pamene pakupweteka, finya pomwepo mpaka pagonje.

Lachisanu ndinabwera ku ulendo katumba atamangika. Loweruka ndinamupereka kwa Apongozi, ndipo ndinafinya ndithu, mano ali gwa. Lamulungu ndinayamba wefuwefu pokwera masitepe, ndinati ndi chimfine. Dzulo m'mawa alamu anafika kuti tikathamange.

Alamu anaphunzira rola ndi manja. Popeza sakanatha kuonera, ndinkawagwiritsa mwendo wanga ndikamagudubuza kuti amve mmene ukuyendera. Anadziwa kalekale, koma chizolowezi chinatsala. Tisanatuluke amakhala kumapazi kwanga, dzanja lili pamwendo wanga, n'kumandinena kuti ndakalamba. Dzulo sanandinene.

"Alamu, taimani kaye," anatero.

"Kwagwanji?"

"Mwendo uwu ukutentha, mnzakewu ndi wozizira. Watupanso. Ndipo mukupuma ngati basi yanu ili pachitunda."

"Ndi mnofu wamangika basi. Apongozi athana nawo."

Anasolola rola pansi pa mwendo wanga n'kuikhalira. Munthu wamkulu, mphunzitsi wa ana asukulu, kukhalira rola ngati nkhuku yofungatira mazira! Ndinapempha, ndinakalipa, ndinawakumbutsa kuti rolayo ndinagula ndine. Iwo anangotembenukira kukhitchini n'kukuwa kuti, "Achemwali! Tabwerani mudzaone amuna anu!" Mmene ndimati ndiyankhe, ndinali kale m'galimoto ya aneba.

Nkhaniyi ndawauza adokotala. Iwo anati, "N'kutheka kuti kachidutswako kanachoka Loweruka lija, n'kuthekanso kuti kakanachoka kokha, sindingalumbire. Koma mukanafinyanso dzulo, mwina tikanakumana mwa mtundu wina. Amene anakulandani chinthucho mukamuthokoze."

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndinamukalipira.

Lachitatu, 11 Juni

Moyo wam'wodi uli ngati wa padepoti, chilichonse chili ndi nthawi yake. Kumayamba anamwino ndi zoyezera zawo, kenako wokolopa, kenako tiyi wamadzimadzi ndi buledi, pomaliza adokotala ndi kagulu kawo ka ophunzira. Jakisoni wa pamimba amaluma ngati mavu ndipo amasiya kadontho kakuda. Namwino wamkulu timamutcha Sisitala Fulumirani, chifukwa ndiwo mawu ake olowera ndi otulukira, koma dzanja lake ndi lofewa.

Bedi loyandikana nane pagona abutchala, bambo wonenepa wa matenda a shuga, chala chakuphazi chinachita bala losapola. Pakamwa sipatseka. Ayang'ana katumba wanga n'kunena kuti nyama yotupa chonchi kwawo amagulitsa motchipa. Ndaseka mpaka kachipangizo ka pachala kanayamba kulira, Sisitala n'kubwera kudzatikalipira tonse awiri.

Masana kwabwera mayi akunyumba ndi alamu, atatenga mpunga wa nkhuku ndi malalanje. Alamu afufuza bedi ndi ndodo yawo, apeza phazi langa, akweza dzanja mpaka pakatumba. "Akutenthabe," anatero, n'kukhala pansi.

Mwezi wamawa kuli mpikisano wa makilomita khumi, woyamba umene alamu alembetsa chiyambire. Nambala yovala pachifuwa analandira kale, amayenda nayo m'thumba la jekete. Tonse atatu timaganiza za mpikisanowo, koma tacheza za mitengo ya malalanje.

Lachinayi, 12 Juni

Chifuwa chikubaya ndikamapuma. Ndatsokomola timagazi pang'ono. Adokotala akuti zimachitika, awonjezera mpweya, mankhwala ndi omwewo. Sindinadye. Mayi akunyumba anangokhala atagwira phazi langa.

Ndachita mantha, ndilembe poyera. Abutchala lero sanandiseke, anatseka wailesi yawo kuti ndigone.

Lachisanu, 13 Juni

Kwacha bwino. Kubaya kwachepa, tiyi ndamwa yense. Ndi mphamvu zomwezo ndafunsa funso limene ndimalizengereza.

"Adokotala, nanga kuthamanga?"

"Kuyenda kaye, bambo. Mankhwalawa mumwa miyezi itatu, mwina kuposerapo. Kuthamanga mudzayamba pang'onopang'ono tikadzakuyezaninso. Za mwezi wamawa iwalani. Komanso munthu wa mankhwala amenewa safunika kugwa, chifukwa magazi akayamba kutuluka amachedwa kuleka. Ndiye zomangirirana chingwe ndi mnzanu pakati pa chikhamu cha othamanga, ayi."

Madzulo ndawauza alamu, osazungulira.

"Basi ndidikira," anatero.

"Ikhoza kukhala miyezi yambiri, alamu."

"Ndiye kuti ndapuma kaye."

"Pagulu pathu pali anzathu aliwiro kuposa ine."

"Aliwiro alipo. Ndinathamangapo ndi waliwiro."

Zaka zapitazo, ine ndisanagwire chingwe, alamu anali ndi wowatsogolera wina, waliwiro ndithu. Tsiku lina munthuyo anayang'ana wotchi m'malo moyang'ana msewu, alamu n'kugwera m'ngalande ya konkire. Mano awiri anatsala momwemo. Mano anaikitsa ena, koma munthu anadzitsekera. Akaweruka kusukulu ankangolowa m'chipinda, makatani otseka, wailesi pakhutu, osaseka, osapita ngakhale ku ukwati wa abale. Mayi akunyumba ankabwera kumeneko maso ali ofiira. Kuwatulutsa kunali ngati kuona maso a nkhono. Tinayamba ndi kuyenda mpaka pashopu, kenako mpaka pamlatho, ndipo panapita nthawi asanalole kuti tiyese kothamanga.

Alamu ndimawadziwa. Akati apuma kaye, si kupuma kwa mlungu umodzi. Mwendo wanga uli m'manja mwa adokotala ndipo ndikuwakhulupirira. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chipinda chija. Munthu wandipulumutsa, ine n'kumubwezera kuseri kwa makatani?

Loweruka, 14 Juni

Achotsa timapaipi, mphuno zapeza ufulu. Ndikumwa mapiritsi pamodzi ndi jakisoni, akuti ziyendera limodzi mpaka magazi akayezedwa asonyeze kuti mapiritsi agwira. Andivekanso sokosi yothina yofika m'bondo. Katumba waphwa pang'ono.

Kwabwera a fiziyo, amene amathandiza odwala kulimbitsa thupi, mtsikana wamtali wovala nsapato zothamangira, kudzandiyendetsa pakhonde. Nkhani ya Apongozi inawapeza kudzera kwa anamwino, ndipo anapempha kuti awaone ndi maso. Mayi akunyumba abwera nawo m'chikwama cha kumsika. Wodi yonse inadzuka. Abutchala anayamba ndi kuwayesa ngati pilo, akuti ndi olimba ngati mtima wa landilodi.

"Mukamaliza kuona mukaponye kudzala," ndinatero.

"Mpeni ukakucheka umautaya, bambo?" anatero a fiziyo. "Rola ilibe mlandu. Loponya kudzala ndi lamulo lanu lija."

Anayala kamphasa pakati pa mabedi, anagona pansi ndi yunifolomu yawo n'kutionetsa. Ndilemba mmene ndamvera, kuti ndikauze anzanga.

Usanathamange, gudubuza mwachidule ndiponso mopepuka, kungodzutsa minofu, kenako uyende ndi kudumphadumpha kuti thupi litenthe. Ukabwerako, utapuma n'kumwa madzi, ndi pamene ungatenge nthawi: akatumba, ntchafu kutsogolo ndi kumbuyo, matako. Uziyenda pang'onopang'ono, osati ngati ukupala thabwa. Ukapeza pomangika ima pomwepo, upume mozama kangapo, kenako upitirire. Ululu wake uzikhala woti ungathe kucheza ndi mnzako uli pomwepo. Ukayamba kukukuta mano ndi kubanika, wapitirira muyeso, dzichirikize ndi manja kuti thupi lipepuke. Rola ndi ya mnofu, siyenda pafupa, pabondo, kuseri kwa bondo kapena pamsana wam'munsi. Ndipo pamene patupa, pakutentha, pafiira, pamene wavulala kumene, kapena pamene ululu ukubaya malo amodzi osasuntha, usaiyandikize n'komwe. Kumeneko n'kwa achipatala, makamaka mwendo umodzi ukasiyana ndi unzake.

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Inu ndi apongozi anu musapatsane moni kufikira adokotala atanena. Ndi mankhwala amenewa mukhoza kuchita mikwingwirima thupi lonse."

Sindinamve kukoma kuti zaka zonsezi takhala tikudzizunza m'dzina la kulimba mtima, komabe ndinathokoza. Mtsikanayu analankhula nafe ngati anthu, osati ngati opusa.

Pondibwezera pabedi ndinayang'ananso nsapato zawo zija. "Kodi mumathamanga?"

Anaseka. "Ndimangothamangira basi ikafuna kundisiya, bambo."

Chiyembekezo chimenecho chinafera pomwepo.

Lamulungu, 15 Juni

Tsiku la alendo. Anzanga apagulu afika molunjika kuchokera kothamanga, wodi yonse fungo la thukuta, atanyamula nthochi zokwanira anthu onse. Ndawawerengera mawu a fiziyo. Ena amaseka, koma mmodzi amene wakhala akufinya fupa la mwendo kwa milungu ingapo anafunsa kuti chipinda chojambulira chili mbali iti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Atatu anadzipereka kuti athamange ndi alamu. Alamu anawathokoza mmodzimmodzi mwaulemu wonse. "Zikomo kwambiri, ndiganiza kaye." Kwa alamu, ndiganiza kaye ndiye kuti ayi.

Atachoka anzathuwo tinayamba kukangana. Ine ndimatchula mayina, iwo amakana. Uyu amalankhula kwambiri, uyu salankhula, uyu amathamanga ndi nyimbo m'makutu. Mayi akunyumba anali pampando akusenda lalanje. Mwadzidzidzi anaika mpeni pansi.

"Amuna awiri inu mukukambirana ngati ine ndine chitseko. Iwe, kusukulu ankakuperekeza ndani zaka zonse zija? Bambo awa anali kuti? Loweruka lililonse ndimasewera mpira wamanja ndi atsikana oti ndikanawabereka, makilomita khumi angandiphe ine?"

"Achemwali, inu mumakoka," anatero alamu. "Mumandikoka ngati mbuzi yopita kumsika. Ndipo mumangokuwa kuti samala, samala. Ndisamale chiyani? Dzenje? Galimoto? Galu?"

Ndinaseka. Abutchala nawo anaseka mpaka bedi kugwedera. Mayi akunyumba sanaseke. Anatola dengu lawo, anagwira mlongo wawo pamkono n'kuti, "Tiye." Ndinawayang'ana akutuluka, ndipo zoona, ankakoka.

Lalanje latsala losenda theka pakabati. Kuseka kuja kwandiwawa madzulo onse. Ndatchula mayina a anthu onse apagulu, ndafunsa ngakhale a fiziyo, koma munthu amene ndimakhala naye nyumba imodzi sanandibwerere m'mutu.

Lolemba, 16 Juni

Mayi akunyumba abwera okha m'mawa, atavala nsapato zawo za mpira, chingwe chathu chili m'manja.

"Ndiphunzitseni. Ndipo mukasekanso, muzidya za m'chipatala mpaka mudzatuluke."

A fiziyo avomera kuti tichitire pakhonde, bola kuyenda kokha, iwo ali pambuyo atandigwira m'chiuno, poti kugwa n'koletsedwa. Ndinamanga tawulo kumaso. Abutchala anadzikoka mpaka pakhomo ndi ndodo zawo kuti asaphonye kanthu.

Khonde limeneli ndaliyenda kangapo, koma nditatseka maso linasanduka lachilendo. Mapazi amakana kunyamuka. Chingwe chinakungika, chikundikokera kutsogolo.

"Samala!"

Ndinauma pomwepo. "Ndisamale chiyani, mayi?"

"Kangolo ka mankhwala."

"Kali kuti?"

"Apa!"

"Apa ndi kuti kwa munthu wosaona?"

Ndiye ndinayamba kufotokoza, tawulo ili kumaso. Chingwe si chokokera, ndi chomverana, chizilendewera. Phazi lako lamkati liziponda limodzi ndi lake lamkati, mikono iziyendera limodzi. Tchula chinthu, mbali imene chili, ndi chochita: kangolo kumanja, sendera kumanzere. Hampu kutsogolo, kweza mapazi. Ndipo tsiku la mpikisano, pamzere womaliza ayambe kudutsa ndi iye, iwe pambuyo.

"Nanenso ndinali mwana," anatero motsitsa mawu. "Amayi ankati akagwa, mlandu ndi wako. Dzanja linazolowera kugwira zolimba."

Ndinakweza tawulo. Ankapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, chingwe chili pomwepo. Takhala m'banja zaka zambiri koma zimenezi sanandiuzepo. Ndinabwezera tawulo n'kuti tiyeni tiyambirenso.

Tinapita, tinabwera, tinapitanso. Samala anatuluka kawiri, abutchala n'kumaimba mluzu ngati oyimbira mpira. Kenako anayamba kutuluka mawu eniake. "Chitseko kumanzere, pitirirani. Pansi panyowa, fupikitsani mapazi." Chingwe chinafewa. Ndinayenda khonde lonse osagunda kanthu, koma pofika pabedi malaya anali atanyowa ndi thukuta, ndipo silinali la matenda. Ndakhala ndikudzitama kuti ndimatsogolera munthu. Ine ndanjenjemera poyenda pakhonde losalala anthu awiri atandigwira, pamene alamu amathamanga pamsewu wa maenje akudalira pakamwa panga pokha.

Masana ndawaimbira foni alamu.

"Alamu, munandilanda Apongozi osandipempha. Inenso sindikupemphani. Mawa m'mawa achemwali anu akubwera ndi chingwe. Akakoka kamodzi kokha mubwerere, sindidzatchulanso."



"Kamodzi kokha?"

"Kamodzi."

"Akoka tisanatuluke pageti."

"Ndiye simutaya kanthu."

Lachiwiri, 17 Juni

Magazi ayezedwa, mapiritsi agwira, jakisoni watha. Mimba yanga yapuma. Akatumba atsala pang'ono kufanana. Adokotala akuti mawa ndituluka. Ndizibwera kudzayezetsa magazi, ndisasinthe mwadzidzidzi kuchuluka kwa masamba amene ndimadya, ndiziyenda tsiku lililonse, ndipo ndikadzabwerera ku ntchito ndiziima panjira kutambasula miyendo, okwera adandaule asadandaule.

Mayi akunyumba afika masana akuyenda chotang'ada. Akuti m'mawa anazungulira bwalo la sukulu ndi alamu.

"Munakoka?"

"Kafunseni eni ake."

Eni ake sanabwere, ndipo foni yawo ndi yotseka, mwina ali m'kalasi. Mayi akana kunena zambiri, angodandaula ntchafu, akuti kuthamanga kwa mpira ndi kwa pamsewu n'kosiyana. A fiziyo anawagwira miyendo yonse iwiri kaye, anaona kuti palibe kutupa kapena kutentha, ndipo anawayalira kamphasa. Apongozi apeza mtengwa watsopano. Mayi analira mayo wodi yonse kumva, a fiziyo n'kumati, "Chepetsani, mayi, dzichirikizeni ndi manja, ngati simungathe kucheza ndiye kuti mwaonjeza." Posakhalitsa anayamba kucheza ali pomwepo, mpaka Sisitala Fulumirani anabwera kudzafunsa ngati wodi yake yasanduka bwalo la masewera.

Ndaseka, koma mtima suli m'malo. Sindikudziwa ngati alamu anabwerera pageti kapena ayi.

Lachitatu, 18 Juni

Ndikulembera kunyumba, mwendo uli pampando.

M'mawa ndimapinda zovala pamene abutchala anaitana ali pawindo. "Adalaivala, tabwerani mudzaone katundu wanu."

Pansi paja pali kamsewu kochokera pageti kozungulira poimika magalimoto. Anthu awiri ankabwera chothamanga, osati mwaliwiro, koma chothamanga ndithu. Mayi akunyumba kumanja, alamu kumanzere. Pakamwa pa mayi pamayenda osaleka. Atafika pahampu onse awiri anakweza mapazi nthawi imodzi. Ndinayang'ana pakati pawo. Chingwe chinali kulendewera.

Ndinakhala pabedi. Ndilembe zoona, kansanje kanalipo pang'ono, poti malo aja ndi anga. Koma chimwemwe chinakaposa kutali, ndipo ndinalira, abutchala n'kumanamizira kukonza wailesi.

Analowa m'wodi thukuta lili kamukamu. Athamanga kuchokera kunyumba.

"Ndiye sanakoke?" ndinafunsa.

"Anakoka dzulo," anatero alamu. "Kawiri."

"Nanga bwanji simunabwerere?"

"Anapepesa. Chibadwire changa achemwali sanandipepesepo. Ndinafuna ndimve ngati zichitikanso."

"Iwe, usandiyambe," anatero mayi akunyumba, koma akumwetulira.

Alamu anasisita thumba limene muli nambala ija. "Tidzafika mochedwa, mwina akuchotsa kale mahema. Koma tidzafika. Inu mudzakhale pamzere womaliza ndi madzi, mudzaone ngati sadzandipitirira."

Ndatsanzikana ndi onse. Adokotala ndawagwira chanza ndi manja awiri. Sisitala anati fulumirani, bedi likufunika, koma anandikonzera kolala ya malaya. A fiziyo andilonjeza kuti tsiku lina adzabwera kudzalankhula ndi gulu lathu lonse. Abutchala chala chawo chayamba kupola, atsala masiku ochepa. Ndawasiyira mabatire a wailesi, iwo akuti ndikadzapita kubutchala kwawo adzandipatsa katumba wabwino wosatupa. Ndinalowa m'chipatala muja ndikukalipa, ndatuluka ndi anthu ambiri oti ndiwathokoze kuposa amene ndingakwanitse.

Tisananyamuke alamu anagwada pafupi ndi bedi. Anaika dzanja pakatumba wakumanzere, kenako wakumanja, kenako wakumanzerenso. Anatenga nthawi.

"Wazizira," anatero.

Ndinafuna kunena mawu amene ndakhala ndikuwakonza mlungu wonse, koma anangotuluka awiri. "Zikomo, alamu."

"Mudzandithokoze mukadzasiya kukalipira anthu okuthandizani."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa chingwe chathu chakale, chakuda ndi thukuta la tonse awiri. Chimene anathamangira lero ndi china, mayi anasoka dzulo chogwirizana ndi dzanja lawo.

"Ichi n'chanu. Adokotala akuti muziyenda, ndiye madzulo ndizibwera. Tiyamba ndi kukafika pashopu. Inu muzinena za maenje, koma liwiro ndizinena ine, chifukwa taona kuti thupi lanu likamalankhula simumva."

Mayi ananyamula chikwama, Apongozi ali m'khwapa, n'kutsogola. Ife tinagwira chingwe, iwo mbali iyi ine mbali iyo. Ndinatchula chitseko, ndinatchula kangolo ka mankhwala, ndinatchula sitepe yoyamba. Kunja kunali dzuwa, ndipo nditaliona pakhomo lotulukira mapazi anayamba okha kufulumira. Chingwe chinakungika.

"Alamu," anatero, "mukukoka."